Kukamutenga Lungelo mu Nzimbe

Inu amene mwatopa, amene mukuti zanu zinathera panjira, imvani za Mvelo Mthiyane wa ku Umgababa.

Nkhani yake ikuyambira m'bafa. Anali atagwada pasimenti, akusambitsa agogo ake aamuna amene anali atadzionongera. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Anzake anali m'kalasi ku Durban, akuphunzira za magetsi. Iye koleji anali ataisiya, ndipo buku lake lalikulu linali likuchirikiza mwendo wa tebulo.

Agogowo aliyense ankawatchula kuti Mkhulu. Ndi amene analera Mvelo ndi mkulu wake Lungelo makolo awo atamwalira. Pa unyamata wawo ankatsitsa katundu m'sitima za padoko. Tsopano matenda oiwalitsa anali atawadya m'kati ngati chiswe. Ankafunafuna supuni ili m'manja. Poyenda ankakhwekhwereza mapazi, ndipo ukawalankhulitsa ali pakati poyenda ankangoima njii. Pakamwa pakatseguka, miyendo inkazima. Miyendo ikayamba, mawu ankathawa.

Amene ankagwira banjalo anali Lungelo. Ankagwira ntchito ku fakitale ya shuga cha ku Umzinto. Tsiku lina akuweruka, lole inamugunda pokhota msewu, pakati pa minda ya nzimbe, ndipo sinaime.

Thupi analiika m'manda. Koma thupi si munthu yense. Pa mwambo wa kwawoko, munthu akafera panjira, wamkulu wa pakhomo amapita pamalopo ndi nthambi ya kankhande, n'kumuitana m'maina a makolo ake, n'kumutenga. Ulendo wonse wobwerera amalankhula ndi iye yekha, kumuuza paliponse pamene afika. Sacheuka, ndipo salankhula ndi wamoyo aliyense mpaka atamulowetsa m'nyumba. Akalakwitsa, womwalirayo amatsalira pomwepo.

Wamkulu wa pakhomo anali Mkhulu. Ndipo Mkhulu, pa tsiku la maliro, ankafunsa anthu kuti ukwatiwu ndi wa ndani.

"Lungelo ali kuti?" ankafunsa m'mawa uliwonse.

"Ali kuntchito, Mkhulu."

"Mwana ameneyu ntchito idzamupha."

Mvelo ankangotuluka panja kukaima kuseri kwa thanki ya madzi.

Lamulungu kunkabwera Anti Dudu, mwana wamkazi wa Mkhulu, ndi mkate komanso madandaulo.

"Chaka chikutha mwana wa achimwene ali m'tchire ngati galu wosochera. Anthu akutinena, Mvelo."

"Ndipite ndine, Anti."

"Iwe? Wamng'ono kukatenga wamkulu? Akutsate ngati ndani? Chabwino, tchula maina a makolo ako ndimve."

Mvelo anatchula awiri, n'kukakamira.

"Basi, mafuta atha? Ku koleji kuja ankakuphunzitsa kulumikiza mababu okha."

"Nanga inuyo, osapita bwanji?"

"Ine ndinakwatiwa, ndinalowa khomo la eni. Pano mawu anga ndi a mlendo."

Mvelo za mizimu sankazilabadira kwenikweni. Koma masana aliwonse, dzuwa likafika paliwombo, kachitsulo kotsekera geti kankalira kamodzi, ngati munthu wakagwira n'kusintha maganizo. Iye ankati ndi mphepo ya kunyanja. Galu wawo sankauwa. Ankangodzuka, n'kuyang'ana pageti popanda munthu, n'kumagwedeza mchira.

"Bwanji simukumutsegulira?" Mkhulu ankafunsa, maso ali komweko.

Tsiku lina Mvelo atapita kukatenga mankhwala a agogo ake ku kiliniki, namwino anamuuza za kafukufuku amene ankachitika pa chipatala china chachikulu mu Durban. Okalamba oiwalaiwala ankawaveka chipewa chodutsa timagetsi tochepa m'mutu, uku akuwaphunzitsa kuyenda. Panalibe opaleshoni, panalibe jakisoni.

Anti Dudu atamva anagwira m'chiuno. "Bambo anga uwalumikize ku magetsi? Anakulakwira chiyani?"

Anyamata a pasitolo anali ndi zawo. "Mvelo akukatchajitsa agogo ake ngati foni!" Akamadutsa ankakuwa, "Batire yadzadza, Mkhulu? Mutigawireko!"

Mvelo anapitabe.

Amene anawalandira anali Sista Moodley, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pakhosi. Atamva kuti mnyamatayo anayambako za magetsi, anamupatsa dzina loti Injiniya.

"Mvera, Injiniya, ine sindigulitsa zozizwitsa. Matendawa sachira. Timagetsiti n'tochepa kuposa ta tochi. Timangokodola mbali ya ubongo imene imathandiza kuyenda ndi kuganiza nthawi imodzi, ndipo tikufuna tione ngati ikhoza kuyankha. Ena mwa okalambawa makina amangowayabwa poyamba, kenako amazima okha mwakachetechete, kuti tiyerekeze ndi anzawo. Ngakhale ine sindidziwa kuti ndani ali mbali iti."

"Ndiye tikhoza kumavutika ulendo wonsewu chipewa chili chozima?"

"Zikhoza kutero. Koma kuyenda ayendadi, kumeneko kulibe chinyengo."

Malowo anali khonde lalitali loyera la m'kati mwa chipatala, lopanda mawindo. Okalamba ankayenda mondondozana, aliyense atavala chipewa cha mawaya, timasiponji ta madzi amchere tikudonthera m'makutu. Ena ankang'ung'udza maina a nyama, ena masiku a sabata. Nsapato zawo sizinkamveka. Tsiku loyamba Mvelo anamva tsemwe. Okalambawo ankaoneka ngati anthu amene anatsanzika kale koma sakupeza khomo lotulukira.

"Nyerere," anatero Mkhulu chipewa chitayatsidwa. "Mwandithira nyerere m'mutu."

"Zikhala pang'ono zipita, bambo," anatero Sista Moodley. "Tsopano yendani, muzinditchulira nyama zimene mukuzidziwa."

"Ndatsitsa sitima zodzadza ine. Lero kamtsikana kandiuze nditchule mbuzi?"

Anakana. Tsiku lotsatira anakananso. Atavomera, ankatchula ng'ombe n'kuima, kuponya phazi n'kuiwala ng'ombe. Masabata anapita popanda chosintha. M'minibasi Mkhulu anadzionongerapo kamodzi, anthu n'kutsegula mawindo. Tsiku lina pa siteji anamenya Mvelo mbama, akukuwa kuti wakuba uyu akufuna kundiba. Mvelo anangoima, tsaya likutentha, akufotokozera anthu osawadziwa kuti awa ndi agogo anga. Madzulo ankakonza maketulo ndi mawailesi a anthu kuti apeze zoyendera. M'mawa ankawavekanso jekete.

Musaganize kuti ankachita zimenezi ndi mtima woyera tsiku lililonse. Masiku ena ankawamanga zingwe za nsapato mwaukali. Masiku ena ankakwiyira Lungelo chifukwa chofa. Koma ankadzuka.

Tsiku lina ali pakhonde paja, Mkhulu atakananso za nyama, Mvelo anakumbuka chitonzo cha Anti Dudu.

"Sista, n'zofunika kuti zikhale nyama?"

"Ayi. Chilichonse chimene angachitchule mondondoza."

Mvelo anaima pambali pa agogo ake n'kutchula maina awiri aja a makolo amene ankawadziwa. "Mgijima. Sikhotha."

Mkhulu anatembenuka ngati alumidwa ndi mavu.

"Chitsiru! Mgijima atsogole Sikhotha? Mwana angabereke bambo ake?"

Ndipo maina anayamba kutuluka. Sikhotha, amene anabereka Mgijima. Mgijima, amene anawoloka mtsinje wa Thukela uli wodzadza. Ndabambi wa diso limodzi. Maina amene Mvelo anali asanawamvepo, aliyense ndi kankhani kake. Mawuwo anali okhuthala, a munthu wina, a munthu amene Mvelo ankamukumbuka ali mwana. Okalamba ena pakhondepo anasiya kung'ung'udza.

Koma miyendo inali itaima.

"Chabwino," anatero Sista Moodley motsitsa mawu. "Chitseko tachipeza. Mawa dzina limodzi, phazi limodzi."

Zinatenga nthawi. Poyamba dzina linkatuluka phazi n'kutsalira. Kenako zinayamba kukumana. Kunyumba Mvelo ankawayendetsa kuzungulira bwalo, iye akubwereza mainawo pambuyo pawo, Mkhulu akumukalipira akalakwitsa. Linafika tsiku limene Mkhulu anayenda khonde lonse la chipatala osaima, pakamwa pakugwira ntchito, ndipo atafika kumapeto anafunsa ngati kuli tiyi.

Chimene Mvelo sanachiganizire n'chakuti mutu ukayamba kuyera, susankha zobweza.

Anali atakhala pabenchi kunja kwa chipatala, masana, tsitsi la Mkhulu lidakali lonyowa ndi madzi amchere. Mvelo ankawasendera nthochi.

"Lungelo sali kuntchito," anatero Mkhulu.

Mvelo anasiya kusenda.

"Ali mu nzimbe. Waima. Wavala nsapato imodzi."

Apolisi anabweretsa nsapato imodzi yokha. Inayo sinapezeke. Imene inabwerayo Mvelo anali ataibisa pansi pa bedi lake, ndipo palibe amene anawauzapo Mkhulu za nsapato.

"Mwandibisira mwana wanga."

"Tinakuuzani, Mkhulu. Kangapo konse. Nthawi iliyonse munkalira ngati mwamva kumene, kenako n'kuiwala. Ndiye tinasiya."

Mkhulu analira pabenchipo, mopanda phokoso, manja ali pamaondo. Mvelo anadziona ngati munthu amene wavutika miyezi yonseyi kuti agogo ake apwetekedwe bwinobwino. Koma atapukuta kumaso ndi chipewa chawo, Mkhulu anati:

"Ukadule kankhande."

Mawa lake ankakumbukabe. Mkuja wake anaiwala mpaka masana, kenako zinabwerera. Mvelo anafotokozera Sista Moodley zonse.

"Za miyambo yanu sindizidziwa bwino, Injiniya," anatero. "Koma masiku abwino ngati awa ndimawadziwa. Sakhalitsa. Ngati pali chimene mukufuna kuchita nawo, musadikire."

Anapita Loweruka m'mawa, anthu atatu: Mkhulu atavala suti yawo ya kutchalitchi, Anti Dudu, ndi Mvelo atanyamula nthambi.

Pokhota msewu paja panalibe nyumba. Nzimbe zokhazokha mbali zonse, zazitali kuposa munthu. Minibasi itawasiya n'kupita, kunangoti zii. Kunalibe mbalame, kunalibe mphepo. Mvelo anawaonetsa malo ake, pafupi ndi ngalande. Mkhulu analandira nthambi, n'kuigoneka paudzu, n'kuvula chipewa.

Anayamba ndi Sikhotha. Anatsika nawo mainawo mmodzimmodzi mpaka anafika pa mwana wawo, bambo a anyamatawa. Kenako anati, "Lungelo, mwana wa mwana wanga. Ndine agogo ako. Ndachedwa, ndinadwala. Dzuka, tizipita kwathu."

Munda wonse unali chete. Koma mzere umodzi wa nzimbe, umodzi wokha, unagwedezeka kuchokera m'kati kubwera kumsewu, n'kusiya. Anti Dudu anagwira dzanja la Mvelo mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa.

Mkhulu anatola nthambi n'kuyamba kuyenda. Pokwerera minibasi panali kamtunda ndithu.

"Tikutsata msewu, Lungelo. Samala ngalande. Apa pali miyala, uponde bwino ndi phazi lopanda nsapatolo."

Ankayenda, akulankhula. Mvelo anali pambuyo pawo, manja ali chire kuti awagwire akagwa. Sanagwe.

M'minibasi Anti Dudu analipirira ndi mpando wa pawindo, pambali pa Mkhulu, umene unakhala wopanda munthu. Nyimbo zinali pamwamba. Patsogolo pang'ono kondakitala anakweza mayi wina wa thumba la mbatata.

"Sunthani madala, apo pali malo. Minibasi si bedi."

Kenako kondakitalayo anaona nthambi. Anavula kapusi yake n'kumenya denga.

"Adiraiva, zimitsani nyimbo. Tanyamula munthu."

Bambo wina woledzera kumbuyo anayamba kufunsa kuti munthu wake uti, koma mayi wa mbatata anamugunda ndi chigongono. "Khala chete iwe, udzafunanso kutengedwa tsiku lina." Mayiyo anakhala pa thumba lake pakhomo.

Minibasi inayenda mwakachetechete. Munkamveka mawu a Mkhulu okha. "Tadutsa sitolo ya matayala. Uku ndi kunjanji. Nyanja ija ndi iyo, waiona?"

Atayandikira mlatho wa mtsinje wa Mkhomazi, mawuwo anayamba kuchepa. Kenako anatha.

Mvelo anali pa mpando wa kumbuyo kwawo. Anaona Mkhulu akuyang'ana nthambi ija ngati chinthu chimene wina wawasungitsa osawauza. Anaitembenuza. Munga unawabaya chala, n'kuyang'ana magaziwo modabwa. Kenako khosi linayamba kutembenuka pang'onopang'ono, kufunafuna nkhope yodziwika, milomo ikutseguka. Mvelo ankaidziwa nkhope imeneyo. Funso linali m'njira: tikupita kuti? Likangotuluka, Mkhulu akhala atacheuka ndi kulankhula ndi wamoyo, ndipo Lungelo atsala pamlatho.

Kuwagwira pakamwa sakanatha. Kuwakumbutsa kukanawachititsa kuti amuyankhe.

Mvelo anaweramira kutsogolo, osati kwa agogo ake, koma ku mpando wopanda munthu uja. Chimwalirireni Lungelo, anali asanalankhule naye ngakhale kumanda.

"Achimwene," anatero mokweza. "Achimwene a Lungelo, ndine Mvelo. Tili pa mlatho wa Mkhomazi. Mkhulu abwera kudzakutengani, muli pa nthambi imene ili m'manja mwawoyo. Tikupita kunyumba. Musatsike, chonde. Ndinakukwiyirani, koma musatsike."

Khosi la Mkhulu linaima pakati. Anamvetsera ngati munthu amene akumva nkhani ya eni pawailesi. Maso anabwerera pa nthambi. Zala zinaigwira bwino.

"Wamva mng'ono wako?" anatero kwa mpandowo. "Tikuwoloka madzi, mwana wanga. Kweza mapazi."

Anti Dudu anabisa nkhope m'mpango.

Kuchokera pamenepo ulendowo sunalinso wa banja limodzi. Mkhulu akangoti chete pang'ono, wina ankalankhula ndi mpandowo. "Tafika pa sukulu ya pulaimale, a Lungelo," anatero mayi wa mbatata. "Apa ndi pamene amagulitsa mowa wabwino, achimwene, koma lero tingodutsa," anatero woledzera uja, ndipo palibe anamuletsa. Nthawi iliyonse Mkhulu ankatola mawuwo n'kupitiriza okha.

Minibasi itaima, kondakitala anatsegula chitseko n'kudikira nthawi yaitali kuposa imene anthu atatu amafunika kuti atsike.

"Umgababa, bwana. Mwafika. Muyende bwino."

Njira ya kunyumba ndi yokwera, ya mchenga. Anyamata a pasitolo ataona suti ndi nthambi anaimirira, n'kuchotsa ndudu pakamwa. Mkhulu anakwera chitundacho akupuma mwabefu, thukuta likutsika m'kolala, koma pakamwa sipanatseke ndipo miyendo sinaime. Analowa m'nyumba, napita mpaka kukhoma la m'kati kumene amalankhulira ndi makolo, n'kutsomeka nthambiyo kudenga.

"Ndi kwanu kuno. Khala pansi, upume."

Anaima pamenepo kanthawi. Kenako anatembenuka, popeza tsopano zinali zololedwa, n'kuona Mvelo ali pakhomo, misozi ili mbwembwembwe. Anamuyang'ana mwaulemu, monga mmene ankayang'anira alendo.

"Zikomo, mnyamata, potiperekeza ine ndi mwana wanga. Uli ndi mtima wabwino. Kwanu ndi kuti?"

Mvelo anapukuta misozi.

"Ndi pompano, Mkhulu."

"Ooh. Ndiye usapite. Dudu, mupatse nsima ya phuthu ndi chambiko mnyamatayu, wayenda ulendo wautali."

Mkhulu sanachire. Masiku oyera aja anacheperachepera, ndipo mvula yotsatira isanathe anamwalira pabedi pawo, m'nyumba mwawo, anthu awo ali pomwepo. Ngati mukufuna ndikuuzeni kuti magetsi ndi amene anachita zonsezi, sindinganame. Mwina anali magetsi. Mwina kunali kuyenda kwa tsiku ndi tsiku, kapena maina aja amene anali atagona pansi penipeni pamene chiswe chinali chisanafike. Ofufuza akadafufuzabe.

Mvelo anabwerera ku koleji, amaphunzira madzulo. Masana amagwira ntchito pa khonde loyera lija. Amanyowetsa timasiponji, amaona mawaya, amaveka okalamba zipewa. Wina akakana kutchula nyama, iye amakhala naye pansi n'kumufunsa chimene ankachidziwa bwino asanadwale. Wina amayenda ndi nyimbo za kwaya, wina ndi masiteshoni a sitima imene ankayendetsa. Amene anawabweretsa, ana ndi zidzukulu za maso ofiira ndi tulo, amawapatsa mpando ndi madzi akumwa.

Inu amene mukusamalira munthu amene sakukudziwaninso, simudzalandira zonse zimene munataya. Mwina ngakhale dzina lanu sadzalitchulanso. Koma m'kati mwa munthu ameneyo mukhoza kukhala mutatsala ulendo umodzi umene palibe wina angauyende, ndipo adzaufika pokhapokha ngati wina apitiriza kumumanga nsapato m'mawa.

Mangani nsapatozo. Kwiyani ngati mwakwiya, lirani kuseri kwa nyumba, koma mtima wokha musautaye.